CAKA CIMENE OPANGA ZIPEWA ANAKWERA

Kumpoto kwa mzinda wa London, pa mtunda wa makilomita ngati 50, kuli tauni yochedwa Luton. Ena a inu awerengi mwina munaimvapo cifukwa ca bwalo lake la ndeke, koma eni ake amainyadira pa zinthu zina ziwiri: zipewa za udzu zimene makolo ao analikuluka ndi kugulitsa m'dziko lonse la Mangalande, ndi fakitale ya magalimoto a Vauxhall imene inadyetsa mabanja a kumeneko kwa zaka zoposa 100 kufikira pamene inatsekedwa mu 2025. Timu yao ya mpira, Luton Town, inayambika mu 1885, ndipo anthu amaicha The Hatters, ndiko kuti opanga zipewa.

Ine ndinafika m'tauni imeneyo mu 2006, nditasiya nchito ya uphunzitsi imene ndinaigwira kwa zaka 17 kuno kwathu ku cigawo ca kum'mawa. Ndinanyamula masatifiketi anga ndikuyesa kuti akanditsegulira zitseko, koma kumeneko anawayang'ana mwaulemu ndi kundibwezera. Nchito imene inapezeka inali yosamalira nkhalamba m'nyumba zao: kuzisambitsa, kuzimeta ndevu, kuziphikira ndi kuziwerengera mankhwala. Abale anga kumudzi ndinalikuwauza kuti ndigwira nchito ya zaumoyo, ndipo sindinalikufotokoza zambiri.

Ndinapeza kacipinda ku Bury Park, dera limene mukhala anthu ambiri ocokera ku Pakistan ndi Bangladesh. Pakati pa nyumba za m'dera limeneli ndi pamene pali Kenilworth Road, bwalo limene timuyi inayamba kusewerapo mu 1905. Panthawiyo munali kulowa anthu opitirira pang'ono 10,000 basi. Munthu wacilendo angathe kulipitirira osadziwa kuti pali bwalo, pakuti cipata ca alendo mu msewu wa Oak Road cili pakati pa nyumba za anthu, ndipo wokwera masitepe acitsulo opita ku mipando amayang'ana pansi naona timinda ta kuseri kwa nyumbazo ndi zovala zoyanikidwa. Loweruka masana ndinalikumva phokoso la ocemerera, koma sindinalikulisamala. Monga anzanga ambiri kuno, ine ndinali wa Liverpool, timu imene ndinaidziwira pa wailesi ndili mnyamata, ndipo ndinalikuganiza kuti mpira wa ku Mangalande ndi matimu asanu kapena asanu ndi imodzi amene timawaona pa wailesi ya kanema.

Kunena zoona, mpira wa kumeneko uli ngati makwerero. Pamwamba pali Premier League ya matimu 20. Pansi pake pali Championship, kenaka League One, kenaka League Two, gawo lililonse la matimu 24, kotero kuti onse pamodzi ndi 92. Timu yogwa kucokera ku League Two imatuluka m'gulu limeneli ndi kupita ku gawo lacisanu, limene kale linali kuchedwa Conference, kumene matimu ena osewera ake ndi anthu ogwira nchito zina masana. Amene anaona Mighty Mufulira Wanderers ikutha zaka mu Division One adziwa cimene cimacitika m'mitima ya anthu a m'tauni pamene timu yao yatsika khwerero limodzi. Luton inatsika makwerero onse anai.

Inayamba kutsika mu 1992, ndipo inatsika pa nthawi yoipitsitsa. Inali imodzi mwa matimu amene anavomereza kuti pakhale Premier League, koma pa tsiku lomariza la ligi inagonja 2-1 ku Notts County nigwa, kutangotsala miyezi yowerengeka kuti ndalama za makampani a kanema ziyambe kulowa. Anatuta nawo nkhuni ndi kusonkha nawo moto, koma pa nthawi ya kudya anapezeka ali kunja kwa nyumba. Zaka zotsatira zinali za ngongole ndi kusinthasintha kwa eni timu, kufikira mu 2008 pamene akuluakulu a mpira anailanda mapointi 30 ligi isanayambe: 10 cifukwa ca ndalama zolipidwa mosatsata malamulo kwa amkhalapakati a osewera, ndi 20 cifukwa ca njira imene inatulukira m'manja mwa oyang'anira makampani olephera kubweza ngongole. Taganizani, kupambana masewera 10 kuti mungofika pamene anzanu anayambira! Olakwawo anali atacoka kale. Cilango cinagwera otsala. Mu Epulo 2009 anthu a ku Luton pafupifupi 40,000 anapita ku Wembley kukaona timu yao ikugonjetsa Scunthorpe United 3-2 ndi kutenga cikho ca matimu a m'magawo apansi, ndipo patapita masiku 8 okha inagwera mu Conference, itakhala zaka 89 m'gulu la matimu a ligi. Zimenezi zinacitika ine ndili komweko, pa mtunda woyenda mphindi zisanu, koma ndinangozimvera m'basi.

Amene anandiphunzitsa kusamala za timuyi anali nkhalamba ina ya Cizungu imene ndinayamba kuisamalira mu 2021. Dzina lao sindilichula. Ine ndinalikuwaitana kuti a Madala, ndipo iwo analikukondwa nalo dzinali nditawamasulira. Anagwira nchito ku Vauxhall kufikira anapuma, ndipo nyumba yao inali misewu itatu kucokera pa bwalo. Anali ndi matenda a kuiwala amene amagwira okalamba. Dzina la mdzukulu wao linali litawathawa, tsiku lina analikufunsa za akazi ao amene anamwalira kale, koma za mpira wakale zinali zosungika bwino lomwe. Anali ku Wembley mu 1959 pamene Luton inagonja 2-1 kwa Nottingham Forest mu FA Cup. Analiponso mu 1988 pamene inagonjetsa Arsenal 3-2 ndi kutenga League Cup, ndipo nkhani imeneyo ndinaimva kosawerengeka ndikuwameta ndevu: mmene Andy Dibble anagwirira penate Arsenal ikutsogola 2-1, ndi mmene Brian Stein, mnyamata wobadwira ku Cape Town, anamwetsera cigoli cacitatu pa mphindi yomariza. Pofika pamenepo ndinalikucotsa lumo msanga, cifukwa analikudumpha pa mpando.

Tsiku lina anandifunsa nchito imene ndinali kugwira kwathu. Nditayankha kuti ndinali mphunzitsi, anayang'ana beseni la madzi limene linali m'manja mwanga, nati, "Ndiye kuti nanunso anakutsitsani, aphunzitsi." Anaseka kufikira anatsokomola. Ine sindinaseke tsiku limenelo, koma dzina la aphunzitsi linakhalirira.

Mwana wao wamkazi anandiuza kuti m'zaka zisanu za mu Conference atate ake sanajombe. Analikukwera basi kupita ku Barrow, ku Gateshead, ku Braintree, kumabwalo kumene munthu amaonera mpira ataimirira m'mphepo, ndipo anaona timu ikulephera kukwera pa sewero lomariza kawiri, mu 2011 kwa AFC Wimbledon ndi mu 2012 kwa York City. Anaona ikutuluka m'dzenjemo mu 2014 ndi mapointi 101, ikukweranso mu 2018 ndi mu 2019 kufika mu Championship. Koma matenda anafafaniza zonsezo. Cikumbukiro cao cinathera pa ulendo wa ku Notts County mu 1992, ndipo m'mawa uliwonse, ndikangotsegula makatani, funso lao linali limodzi: "Aphunzitsi, kodi tabwerera?" Kwa iwo timu inali itagwa dzulo. Ine ndinalikuyankha kuti, "Sitinabwerere, a Madala," ndipo iwo analikugwedeza mutu ndi kufunsa kuti tili pa nambala yanji. Motero ndinayamba kugula nyuzipepala ya m'tauni ndi kuloweza mndandanda wa ligi monga mwana wa sukulu, kuopa kucita manyazi pamaso pa nkhalamba.

Ligi ya 2022-23 siinayambe mokondweretsa. Masewera anai oyamba anatha popanda kupambana, ndipo mu Okutobala timu inakwapulidwa 4-0 ku Watford, tauni yoyandikana nayo imene anthu a ku Luton safuna ndi kumva komwe dzina lake. Mu Novembala kochi Nathan Jones, amene anailera timuyi kucokera mu League Two, anacoka kupita ku Southampton, ndipo m'malo mwake analemba Rob Edwards, munthu amene Watford yomweyo inali itangomucotsa nchito atatsogolera masewera a ligi 10 okha. M'masitolo a ku Bury Park anthu analikudandaula kuti atola cotayidwa ca adani ao. Kunalinso nkhani ya ndalama. Mu Championship timu imene yangogwa kucokera pamwamba imapitiriza kulandira ndalama za Premier League kwa zaka zingapo kuti isagwe cagada, kotero kuti imasunga osewera amtengo wapatali. Luton inalibe zimenezo, ndipo malipiro a osewera ake anali pakati pa otsikitsitsa m'gawo lonse. Carlton Morris anamugula ku Barnsley, timu imene inali itangogwa. Elijah Adebayo anacokera ku Walsall, Jordan Clark ku Accrington Stanley, ndipo mlonda wa pagolo, Ethan Horvath wa ku America, anali wobwereka.

Ndisakunamizeni kuti mpira wao unali wokongola. Ife kuno timakonda wosewera amene amavinitsa mnzace kufikira agwe pansi, bwalo lonse likuimba mluzu. Luton siinali kucita zotere. Inalikuponya mpira wautali kwa anyamata awiri amphamvu kutsogolo, kulimbirana mpira uliwonse ngati nyama ya pamaliro, ndi kudalira makona. Poyamba ndinalikuunyoza mpira umenewu, koma ndinazindikira kuti pa kabwalo kopanikizika kaja, ocemerera ali pafupi moti angakhudze malaya a woponya mpira, alendo olemera analikusowa mpweya. M'masewera 46 timuyi inagonja 8 okha.

Kumapeto kwa Januwale 2023 anabwereka Marvelous Nakamba ku Aston Villa, ndipo kwa ine ameneyo ndiye anasintha zinthu. Ndi mwana wa ku Hwange ku Zimbabwe, kumene akulu athu ambiri anapita kukakumba malasha masiku aja kunali kuchedwa Wankie. Samwetsa zigoli, ndipo munthu woonera mothamanga sangamuone. Nchito yake ndi kuima patsogolo pa osewera kumbuyo ndi kulanda mpira mwakacetecete, monga mai amalanda mpeni m'manja mwa mwana. Pambali pake panali Pelly Ruddock Mpanzu, wobadwira ku London kwa makolo a ku Congo, amene anabwera kucokera ku West Ham mu 2013 timu ili mu Conference. Makochi anabwera napita, anzace anagulidwa ndi matimu ena, iye anavulala kangapo, koma anakhalabe, nakwera nayo khwerero lililonse. A Madala sanathe kusunga dzina lake. Analikungoti "mnyamata uja wosacoka."

Pa 1 Epulo Watford inabwera ku Kenilworth Road nigonja 2-0. Ligi inatha Luton ili pa nambala 3 ndi mapointi 80, kumbuyo kwa Burnley ya mapointi 101 ndi Sheffield United ya 91. Morris anali atamwetsa zigoli 20. M'caka cimeneco matimu awiri oyamba anakwera mwacindunji, ndipo anai otsatira analimbirana malo amodzi otsala m'masewera opatula amene eni ake amati play-offs. Luton inagwera Sunderland. Sewero loyamba, kwao kwa Sunderland pamaso pa khamu loposa 40,000, inagonja 2-1.

Laciwiri usiku pa 16 Meyi ndinapempha kuti ndikhale ndi a Madala kufikira sewero lobwereza litatha. Matikiti anali atatha kalekale, tsono tinaonera pa wailesi ya kanema, zenera lili lotsegula. Apo ndinaphunzira cinthu cimene sindinali kucidziwa: cithunzi ca pa kanema cimacedwa pang'ono kufika. Wosewera asanamenye kona pa galasi, mfuu wa anthu 10,000 unali utalowa kale pa zenera. A Madala anaimirira osagwira ndodo, nafuula kuti calowa, ine ndikali kuyang'ana mpira uli pa kona. Cinali ca Gabriel Osho. Nthawi yopumula isanakwane zinacitikanso, Tom Lockyer atamenya ndi mutu. Sunderland inabwera yopanda osewera kumbuyo atali cifukwa ca kuvulala, ndipo Luton inalikudziwa bwino pamene panali bala. Zinatha 2-0.

Sewero lomariza linali pa Wembley Loweruka pa 27 Meyi 2023, pamaso pa anthu oposa 85,000, ndipo adani anali Coventry City, timu inanso yosauka imene mu 2018 inali pamodzi ndi Luton mu League Two. Anyuzipepala analikulicha sewero la ndalama zambiri koposa onse pa dziko, popeza wopambana analikuyembekeza mapaundi oposa 100 miliyoni. Tauni inatsala yopanda anthu. Mwana wa a Madala ndi mdzukulu wao anapita ndi sitima, ndipo ife awiri tinatsala ndi tiyi, iwo atavala mpango wao wa olenji pakhosi ngakhale kunali kotentha.

Mphindi 10 zisanakwane bwino, Lockyer, amene anali kaputeni tsiku limenelo, anagwa pansi popanda womukhudza. Anamunyamula pa macira, ndipo tinamva pambuyo pake kuti mtima wake unali utasokonekera kagundidwe. Ine amene nchito yanga inali kuyang'anira kupuma kwa anthu ndinaiwala za mpira kwa kanthawi. Koma anzace sanafooke. Pa mphindi 23 Adebayo anathamanga ndi mpira kumanzere, nazunguza womulonda kawiri, napatsira Clark amene anaumenya mwamphamvu m'ukonde. Cigawo coyamba conse cinali ca Luton, ndipo ikadamwetsa caciwiri nkhani ikadatha msanga. Siinatero. Pa mphindi 66 Gustavo Hamer anabweza, ndipo kucokera pamenepo miyendo ya anyamata athu (ndinali nditayamba kale kunena kuti athu) inalemera. M'nthawi yoonjezera Joe Taylor analowetsa mpira, ine ndinataya tiyi pa kapeti, koma oweruza ataonanso pa makina anapeza kuti unamukhudza dzanja.

Anapita ku mapenate. A Madala anali atatopa, ndipo kawiri anandifunsa ngati Brian Stein alipo. Anamenya Morris, Taylor, Nakamba, Clark, Luke Berry ndi Dan Potts, onse asanu ndi mmodzi osaphonya. Pa Nakamba ndinatseka maso, pakuti ndinali ndisanamuonepo akulasa pagolo. A Coventry asanu oyamba anamwetsanso. Wacisanu ndi cimodzi, Fankaty Dabo, anaumenya pamwamba pa mtanda. Ndimamumverabe cisoni mnyamata ameneyo, cifukwa anayenda yekha kucokera pakati pa bwalo atasenza tauni yonse ya Coventry, ndipo limenelo linali sewero lake lomariza m'timuyo. Osewera a Luton ananyamula malaya a Lockyer polandira cikho, mwini wake akuonera ali pa bedi m'cipatala. Mpanzu anakhala munthu woyamba kukwera ndi timu imodzi kucokera ku gawo lacisanu kufika mu Premier League, ulendo wa zaka 9. Kunja magalimoto analikuliza mahutala, Amwenye a m'masitolo, Azungu ndi ife akuda tonse mu msewu umodzi. Nditaceuka, ndinapeza a Madala ali m'tulo.

M'mawa mwake, pa Sabata, siinali nthawi yanga ya nchito, koma ndinapita. Ndinatsegula makatani ndi kudikira. "Aphunzitsi, kodi tabwerera?" Ndinati, "Tabwerera, a Madala. Dzulo, pa Wembley, pa mapenate." Anandiyang'ana nthawi yaitali monga munthu woopa kunamizidwa, kenaka anafunsa kuti tinagonjetsa yani, ndipo ndinawafotokozera sewero lonse kuyambira pa kugwa kwa kaputeni. Analira misozi. Lolemba, tsiku limene osewera anazungulira tauni pa basi yopanda denga kupita ku St George's Square, anafunsanso funso lomwelo, ndipo analiranso cimodzimodzi. Anthu ena onse a ku Luton anakwera kamodzi. A Madala analikukwera m'mawa uliwonse, ndipo ine ndinafika podziwa pamene ndiyenera kuima pang'ono m'nkhaniyo kuti Dabo atenge mpira.

Walira mvula walira matope. Kuti bwalo livomerezedwe mu Premier League anaononga mapaundi pafupifupi 10 miliyoni kumanganso mbali imodzi, ndipo sewero loyamba la pakhomo linaimitsidwa podikira amisiri. Timu inalimbikira, inapambana ku Everton, inakwapula Brighton 4-0, koma pa 16 Disembala 2023 Lockyer anagwanso ku Bournemouth, ulendo uno mtima utaimiratu kwa mphindi zoposa ziwiri, ndipo madokotala a pabwalo ndiwo anamubweza. Ligi inatha Luton ili pa nambala 18 ndi mapointi 26, nitsika mu Meyi 2024. Caka cotsatira inatsikanso kupita mu League One.

Tsiku lotsatira kutsika koyambako ndinaima pa khomo la a Madala kwa kanthawi ndisanalowe. Ine ndine munthu amene ndinalikulanga ana a eni cifukwa ca bodza, ndipo pa nchito yathu anatiphunzitsa kuti wodwala asanamizidwe. Ndinali nditakonza mau oti tinabwerera koma tagwanso. Nditatsegula makatani, iwo anafunsa funso lao, maso ali pa ine. Ndinati, "Tinabwerera, a Madala. Pa Wembley, pa mapenate." M'mau amenewo munalibe bodza, komabe ndinalikudziwa cimene ndasiya. Madzulo ndinauza mwana wao zimene ndinacita, ndikuyembekeza kudzudzulidwa. Iye anakhala cete, kenaka anandipempha kuti ndimuphunzitse mmene ndimaifotokozera nkhaniyo, kuti aziwauza iye pa masiku amene ine kulibe.

A Madala anamwalira m'nyengo yozizira kuciyambi kwa 2025, timu isanatsike kaciwiri. Ine ndinabwerera kuno kwathu caka comweco, ndipo mwana wao anandipatsa mpango uja wa olenji. Ku Chipata ulibe nchito koma m'mwezi wa Juni m'mamawa. Mdzukulu wanga, amene ndi wa Manchester City, anaupeza m'sutukesi nandifunsa kuti Luton Town ndi timu ya dziko liti. Ndinamuuza kuti akhale pansi, ndipo ndinayambira ku Notts County.